Bwato la M'chipinda Chosokera

Amuna anga kuntchito amawatchula kuti a Wotchi. Dzinali anawapatsa ndi makondakitala, ndipo si lachipongwe ayi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akuyendetsa basi ya ulendo wautali, yonyamuka sikisi koloko m'mawa n'kukafika thu koloko masana, moti anthu a m'mbali mwa msewu ankadziwa nthawi poona basi yawo ikudutsa. Ulendo wonsewo basi imaima kamodzi kokha, pakatikati, mphindi makumi awiri, kuti anthu atayeko madzi ndi kugula chakudya. Amagona komweko, mawa lake n'kubwerera chimodzimodzi.

Sanayambire pa chiwongolero. Pamene ndinkadziwana nawo n'kuti akutsuka mabasi ku depoti, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, manja atatuwa ndi sopo. Kenako anakhala kondakitala zaka zisanu ndi chimodzi, uku akuphunzira kuyendetsa mobisa, kumasuntha mabasi pabwalo madalaivala akapita kukamwa tiyi. Tsiku lomwe anapatsidwa basi yawoyawo anabwera kunyumba atavala jekete la kampani, kunja kukutentha koopsa, ndipo anadya chakudya chamadzulo ali chivalire. Ine ndinawaseka mpaka misozi. Munthu wake ndi wotero. Salankhula zambiri, sadandaula, koma kuuma mutu kokha, abale inu! Akati ichi chikhale chonchi, inu mungopita kukachita zina.

Ine ndine telala. Ndimasokera kunyumba, m'chipinda chomwe ankagona mwana wathu wamkazi asanakwatiwe. Yunifolomu yawo ndimakonza ndine, choncho mimba ya amuna anga ndimaidziwa kuposa sikelo ya kuchipatala. Chaka ndi chaka ndinkafutukula m'chiuno mwa thalauza pang'onopang'ono, mpaka nsalu yoti ndifutukule inatha.

Kampani yawo imayeza madalaivala kamodzi pachaka. Chaka chino anabwerako ndi kalata, n'kuiika patebulo langa losokera osanena kanthu. Magazi akuthamanga kwambiri, bipi yakwera moti dokotala anachita kuyeza katatu. Anawapatsa miyezi itatu: azimwa mapilitsi tsiku ndi tsiku, achepetse thupi, kenako apitenso. Bipi ikakapezeka idakali m'mwamba, chiwongolero achisiye. Ndinawerenga kalatayo kawiri. Ntchito ina akanawapatsa ndithu, kaya ya pageti kaya yosunga makiyi, koma ine ndinkadziwa kuti kuwachotsa pampando uja n'kuwadula miyendo.

"Ndiye muyambe kumayenda madzulo," ndinatero.

"Kuyenda kupita kuti?"

"Kulikonse! Muzikazungulira bwalo la sukulu."

"Munthu wamkulu ngati ine, kumangozungulirazungulira ngati ndataya kiyi? Anthu aziti chiyani?"

Kuthamanga sakanatha, bondo lakumanzere linatha kalekale ndi kuponda kilatchi ya basi. Njinga anakana, eti madalaivala anzawo amawadziwa bwino mmene amayendetsera, sangayerekeze kulowa mumsewu pa kanjinga. Milungu iwiri inapita tikungokangana. Ndiye tsiku lina anafika ali ndi nzeru yomwe anaimva kwa namwino wa kuchipatala kuja: pali makina olimbitsira thupi kunyumba, munthu amakhala pansi n'kumakoka ngati akupalasa bwato, ndipo sapweteka mawondo. Anali ndi changu chodabwitsa, amafuna tikagule mawa lomwelo. Ine ndinangoti zikomo Ambuye, bola apeza chomwe avomera. Sindinadzifunse kuti changuchi chachokera kuti.

Tinapita Loweruka ku sitolo ina yaikulu ya zamasewero, pamwamba pa nyumba yosanja, makoma onse magalasi okhaokha ngati saluni. Ndinatenga tepi yanga m'chikwama, popeza kunyumba ndinali nditayeza kale. Pabalaza panalibe malo, kuchipinda chogona bedi linadzaza, ndiye kunatsala chipinda changa chosokera. Ndinavomera kupereka khoma limodzi, koma mtima ukukana.

Wogulitsa anali mayi wa msinkhu wanga, wamikono yolimba, wolankhula mosapita m'mbali. Anationetsa makina atatu. Oyamba anali amatabwa okongola, kutsogolo kuli thanki ya madzi, ukakoka madzi aja n'kumati khwaa, khwaa. Achiwiri anali a maginito, aafupi, osamveka phokoso ngakhale pang'ono, ndipo ukamaliza umangowapinda n'kuwaimika pakona. Achitatu anali achitsulo, aatali, kutsogolo chifani chachikulu ndi tcheni ngati cha njinga. Ine maso anga anali pa achiwiriwo. Ndinawayeza mwachangu, ndipo amakwana bwinobwino, malo n'kutsalako oti ndiikepo basiketi ya nsalu.

Amuna anga sanafune kukhalapo kaye. Anayamba kuwazungulira makinawo monga amachitira ndi basi m'mawa: kugogoda apa, kugwedeza apo, kugwada pansi n'kusuzumira kunsi, anthu akuwayang'ana m'magalasi monse muja. A madzi aja anawakana msanga.

"Chinthu chosunga madzi chimadontha, kaya lero kaya chaka chamawa."

Atafika pa a maginito anapempha mayi uja kuti atsegule aone m'kati.

"Satsegula amenewa, bambo. Ndi omata."

"Nanga akayamba kufa ndidziwa bwanji?"

"Mumangobwera nawo kuno."

Anapukusa mutu. "Makina osalira ine sindiwakhulupirira. Galimoto imakuuza matenda ake ndi kulira."

Pa achitatuwo anayendetsa chala pa tcheni, n'kununkhiza mafuta ake. Anakoka chogwirira kamodzi, fani n'kuti vuu, ndipo ndinawaona akumwetulira koyamba chibwerereni kalata ija. Ine ndinatambasula tepi, ndipo mtima unangoti myuu.

"Bambo, awa apitirira chipinda ndi chikhatho chimodzi ndi theka. Chitseko sichitsekeka."

"Tichotsa chitseko."

"Chitseko cha chipinda changa? Makasitomala anga aziyesa madiresi poyera?"

"Muikapo katani, Mayi. Si ndinu telala?"

Mayi wogulitsa uja anaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke. Ndinawauza pamaso pake pomwepo kuti amuna ena amagulira akazi awo mipando ya pabalaza, anga akundigulira bwato m'nyumba yopanda mtsinje.

Kenako mayiyo anawakhazika pa kampando koyenda pa njanji, anawamanga mapazi ndi malamba, n'kuwaonetsa kapalasidwe kake: kankhani ndi miyendo kaye, kenako msana, mikono pomaliza. Pambali pa fani panali kachitsulo kosuntha, manambala kuyambira wani mpaka teni, kolemeretsa kapena kupeputsa kukokako. Iye anakaika pa nambala yachitatu. Amuna anga anakoka kawiri, anatambasula dzanja, n'kukakankhira mpaka pa teni.

"Ayi, bambo, si magiya amenewo. Woyamba kumene amayambira pansi."

"Sindinabwere kudzasewera, mayi. Ndili ndi miyezi itatu basi, ndipo milungu iwiri yapita kale."

"Miyezi itatu ya chiyani?"

Ndinafotokoza ndine. Nkhope ya mayi uja inasintha. Anabweza kachitsulo kaja pa nambala yachitatu, n'kugwirapo ndi dzanja.

"Ndimvereni bwino, bambo. Muziyamba ndi mphindi khumi, ndipo musamagwire mpweya pokoka. Makinawa amathandiza ndithu, koma salowa m'malo mwa mankhwala. Mapilitsi mukumwa?"

"Ndikumwa. Tsiku ndi tsiku."

Anayankha maso ali pa fani. Ine ndinavomereza ndi mutu, chifukwa paketi ya mapilitsi inkakhala pafupi ndi bedi, ndipo ndinkaiona ikutha bwinobwino.

Tinagula aatali omwewo. Mtengo wake sindinena, koma potsika masitepe ndinachita kugwira chitsulo cha m'mbali. Madzulo a tsikulo chitseko changa chinali chitatsamira kuseri kwa wadiropu, ine ndikusoka katani ndili ndwii.

Koma kupalasa anapalasa, ndisawanamizire. Akangofika kuchokera ku ulendo, amavula yunifolomu, n'kukhala pa bwato lawo, kachitsulo kali pa teni. Zoti mphindi khumi anazisiya kusitolo komweko. Fani ija inkauluza mapepala anga odulira nsalu, ulusi n'kumamwazika chipinda chonse, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe anadzafunsa ngati tatsegula chigayo. Amadzuka pamenepo thukuta lili kamukamu, ali wefuwefu, n'kupukuta njanji ndi kansanza, kudontheza mafuta pa tcheni. Milungu isanu ndi umodzi isanathe ndinali nditabweza thalauza m'chiuno kawiri. Ndinayamba kunyadira, mpaka kumaonetsa makasitomala makinawo ngati nzeru inali yanga.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndi mutu. Kawirikawiri ndinkawapeza atagwira kumbuyo kwa khosi, maso ali psuu. Tsiku lina ndinapeza magazi pa thaulo, iwo n'kuti ndi kamfuno chabe, kwatentha. Ndinkadziuza kuti mwina ndi kutopa.

Jekete la kampani nalo linayamba kuwakulira, mapewa ali lendelende. Lachiwiri lina ali kunyumba, ndinati ndilibweze asanapite ku ulendo wa mawa. Nditamasula msoko wa m'munsi, tinthu toyera tinangoti waa pansi, kugubuduka mpaka kunsi kwa makina aja. Mapilitsi. Thumba la m'kati linali ndi kabowo, ndiye onse omwe ankaponyamo ankagwera pakati pa nsalu. Ndinawatola mmodzimmodzi nditagwada, ndipo anadzaza chikhatho.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato. Ndinatambasula dzanja pamaso pawo.

"Ichi n'chiyani?"

Anayang'ana, n'kupitiriza kupukuta nsapato ija. Ine magazi anawira.

"Ndikufunsa inu, Bambo! M'mawa uliwonse mumatsegula paketi ndikuona, mumatenga kapu ya madzi ndikuona. Ndiye mumandisewera ngati mwana?"

"Khalani pansi, Mayi. Anthu akumva."

"Amve!"

Anaika nsapato pansi. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Mapilitsi amenewa amakodzetsa. Sabata yoyamba ndinamwa, tsiku lililonse. Ola likangotha, chikhodzodzo chadzaza. Tsiku loyamba ndinapirira mpaka kutuluka thukuta. Lachiwiri ndinaimitsa basi katatu patchire, anthu makumi asanu ndi limodzi akundiyang'ana pawindo ndikuthamangira kuseri kwa mtengo. Wina anakuwa kuti, adalaivala, mwamwa chiyani lero? Basi yonse kuseka. Ndinafika mochedwa ndi theka la ola, ine. Ndiye m'basimo anaikamo kachipangizo koonetsa kuofesi paliponse pomwe waima. Abwana anandiitana kundifunsa ngati ndayamba kunyamula anthu a m'njira."

Mkwiyo wanga unabwerera pang'ono, chifukwa ndinawaona mmene manyaziwo anawadyera. Koma ndinafunsabe.

"Nanga osakamuuza dokotala bwanji?"

"Basi ukainenera kuti ili ndi vuto amaitsekera ku galaja, iwe n'kukhala pabenchi. Dalaivala wanzeru amafika nayo kaye."

"Inu si basi!"

"N'chifukwa chake ndinagula makina. Thupi likatsika, bipi itsika yokha."

Apa m'pamene ndinamvetsa changu chija. Ndipo anali atakonza kale zonse. Anapempha tchuthi cha masiku asanu oyandikira tsiku loyezedwa, kuti akhale pakhomo azimwa mapilitsi mokwanira, chimbudzi chili pafupi. Anandifotokozera mopanda manyazi, eti ndi mmene amachitira basi ikamapita kokayezedwa: umabwereka matayala abwino ku basi ina, ukapatsidwa pepala n'kukabweza.

"Ndiye mukapatsidwa pepalalo?"

"Makina apitiriza."

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unandithawa. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinalira, koma zonse zinangopita pachabe. Ndinkati ndikakhala pa makina anga osokera, maganizo n'kumapita kwa mnzawo wina, dalaivala, yemwe anagwa m'bafa chaka chatha, pakamwa n'kupotoka, mkono ndi mwendo osagwiranso ntchito mpaka lero. Ameneyo anagwera kunyumba. Msewu wa amuna anga uli ndi chitsikira chachitali chokhotakhota, ndinakwerapo kangapo, ndipo ndikudziwa kuti pamenepo munthu sungatseke maso ngakhale kamphindi. Lamya ikalira masana ndinkadzidzimuka mpaka kudzibaya ndi singano. Komanso ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, ndine amene ndiwachotse pampando womwe anauvutikira kuyambira pa ndowa ndi sopo.

Masiku asanu aja anamwa mapilitsi mokhulupirika, akuyenda ulendo wa kuchimbudzi ngati alembedwa ntchito. M'mawa wa tsiku loyezedwa anandiuza kuti ndiwaperekeze. Ndikuganiza kuti ankafuna ndikaone ndekha kuti nzeru yawo yagwira. Mapilitsi a m'jekete aja ndinali nditawasunga m'kachitini ka mabatani, ndipo potuluka ndinakaponya m'chikwama. Musandifunse ngati ndinali nditatsimikiza, chifukwa inenso sindikudziwa.

Dokotala anali mayi wachikulire, wamagalasi olendewera pa chingwe. Anawakweza pa sikelo, n'kukweza nsidze. Makilo asanu ndi anayi apita. Anawamanga kansalu kopopa pamkono, anayeza, kenako anayezanso kachiwiri.

"Yatsika. Ili m'malire penipeni, koma yatsika. Mwachita bwanji, bambo?"

Ha, amuna anga osalankhula aja anamasuka! Anafotokoza za fani, za tcheni, za kukankha ndi miyendo kaye, mpaka kuonetsa ndi manja ali pampando. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana wakhoza mayeso. Dokotala anaseka, anakoka fomu ya kampani, n'kutsegula cholembera.

"Mankhwala sakukuvutani?"

"Ayi."

"Mukumwa tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Cholembera chinafika papepala. Ine m'makutu munkangolira. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kachitini kaja, ndinakatsegula n'kukaika patebulo.

"Pepani adokotala. Amwa masiku asanu okha apitawa. Awa ndi a masiku omwe anali paulendo. Akuti amawakodzetsa, ndipo Lolemba asiyanso."

Amuna anga sananditembenukire. Anayang'ana kachitiniko, manja ali pa mawondo. Dokotala anavula magalasi, n'kutseka cholembera chija pang'onopang'ono.

"Bambo, n'zoona?"

Amuna anga anagwedeza mutu kuvomera.

"Aa, koma bambo inu! Bwanji osanena? Alipo mapilitsi ena osakodzetsa. Madalaivala angati omwe ndawasinthira? Mukanabwera sabata yoyamba yomweyo, lero bwenzi ndikusayina popanda nkhani."

Sindinaonepo munthu akuchepa pampando ngati mmene anachepera amuna anga. Dokotala anati sangasayine pa bipi ya masiku asanu. Awalembera mankhwala atsopano, koma ayenera kuona mmene akuwayanjira, ndipo miyezi itatu ya kampani yatha. Lamulo lawo ndi loti zikatere munthu amachoka pa chiwongolero miyezi isanu ndi umodzi, kenako amaonanso. Zoti basi yawo adzaipezanso, iye sangalonjeze.

Tinatuluka, tinayenda mpaka pamsewu. Tikudikira kuwoloka ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Mukanadikira asayine kaye, Mayi. Za mapilitsi enawo tikanafunsa pambuyo."

Ndinafuna kuwayankha kuti tikanafunsa bwanji chinthu chomwe tonse sitinkachidziwa, koma ndinaleka. Pakuti inenso ndili ndi mlandu wanga. Milungu inayi yathunthu ndinakhala ndi kachitini kaja m'nyumba, chipatala chili pafupi, ndipo sindinapite kukafunsa ngakhale namwino. Ndinkaopa kuti ndikafunsa ndiye kuti ndawanenera. Ndinakhala chete pomwe kulankhula kukanawapulumutsa, n'kudzalankhula pomwe kunawagwetsa.

Pano miyezi iwiri yapita. Anawaika pageti la depoti, amakweza ndi kutsitsa chitsulo, n'kumalemba nambala za mabasi otuluka. Basi yawo anapatsa munthu wina, ndipo ndamva kuti ameneyo ndi wokondedwa kuofesi. Mapilitsi atsopano akumwa, mutu unasiya, ndipo amapalasabe madzulo aliwonse. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa poyambira.

Sabata yatha tikudya anandifunsa mwadzidzidzi, maso ali m'mbale.

"Zikanakhala lero, mukananenanso?"

Ndinaganiza zonama, koma ndinalephera.

"Ndikananena, Bambo."

Anagwedeza mutu, n'kumaliza kudya. Kenako anadzuka, anatenga mbale yawo n'kukaitsuka okha. M'mawa mwake ndinawapeza pabalaza batani la malaya litathothoka, akulimbana ndi kulowetsa ulusi pa singano, zala zawo zikuluzikulu zija zikuphonya. Ndinaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, ndikudikira kuti andipatse. Sanandipatse.